Ababa pa Laputopu ya Amalume

Kanali kakang'ono ngati chala chachikulu, kakuda, kokhala ndi kanyali ka buluu kumutu. Amalume ankakatcha tchuna, kogwirira TV. Mbali imodzi ankakabaya m'nthiti mwa laputopu yawo, mbali inayo n'kulumikiza waya woyera wautali, wotulukira pawindo, kukwera nsungwi yomangiriridwa ku mtengo wa nimu, mpaka pa eriyo pamwamba. Kakagwira ntchito nthawi yaitali kankatentha, n'kumanunkha ngati jumbo yagwera pamoto. Lero ndimakonza mafoni pamsika ndipo tizipangizo totere ndagwira tambirimbiri, koma ndikaona kanyali ka buluu kakuphethira, ndimayang'ana kumbali.

Ndinali ndi zaka khumi, ndili Sitandade 4. Tinkakhala m'mphepete mwa dambo lalikulu lija Shire amamwazikiramo, kumunsi kwa Chikwawa. Ababa anali msodzi. Ankapita kumsasa wa asodzi m'kati mwa dambomo, n'kukhala sabata yathunthu akuwamba milamba ndi makakana, Loweruka n'kutulukira akununkha utsi. Mvula yaikulu ya chaka chimenecho inawapeza komweko. Kwathu kuno mvula yogwa pakhomo siyoopsa kwenikweni. Yoopsa ndi imene yagwa kumapiri, yobwera ndi mitsinje inu musakudziwa. Madzi anafika m'mamawa, ofiira, akukankha zinyalala ndi nkhuku zakufa. Amayi anabereka mlongo wanga, ine ndinasenza ndowa ya ufa, n'kuyenda m'madzi ofika m'chiuno mpaka kumsewu. Nyumba tinangoimva kumbuyo ikukhala pansi. Sitinacheuke.

Tinakafikira kwa amalume, mlongo wawo wa amayi. Iwo anali kalaliki pasikelo ya nzimbe kuesiteti, ndipo ankakhala kumtunda, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Laputopuyo anaigula kwa mnzawo wochokera ku Joni, pamodzi ndi katchuna kaja. Magetsi anali atazima chifukwa mapolo anagwa, ndiye zonse zinkadalira sola imodzi padenga ndi batire ya galimoto pansi pa tebulo. "Iyi ndi echidi, mphwanga," ankatero, "si zija mumaonera kuvidiyo sho." Ankanena zoona. Kanema amene ndinkamudziwa ine anali wa anthu oyenda m'kati mwa timadontho toyera tija timati mpunga. Apa umaona thukuta pamlomo pa wowerenga nkhani, umaona ntchentche itatera pachikope cha mwana. Koma inali ndi khalidwe loipa. Mphepo ikangogwedeza nsungwi ija, nkhope ya munthu inkasweka kukhala timabokosi, mawu n'kuchita chibwibwi, kenako bii. Ndinkathamangira panja kukapotokola nsungwi kuloza kumapiri a Thyolo, amalume akukuwa pawindo. "Bwerera! Pang'ono! Pomwepo, usapume!"

Tsiku lililonse masana nyumbayo inkadzaza. Anthu sankabwerera mpira. Ankabwerera nkhani, chifukwa nkhani zinkaonetsa misasa ya anthu othawa madzi, ndipo aliyense anali ndi wake womusakasaka. Munkanunkha matope ouma ndi zovala zosauma bwino. Aphunzitsi anga, amene sukulu yawo inali itasanduka msasa, ankakhala kutsogolo n'kumatiwerengera tizilembo tachingerezi todutsa m'munsi. Amayi ankakhala pamphasa kumbuyo, mlongo wanga ali pabere.

Patatha masabata awiri kunabwera akulu awo a ababa, amene tinkawatchula abambo aakulu, pamodzi ndi azakhali. Kwa ababa ndi Asena, a ku Nsanje. Anati bwato la ababa lapezeka litavundikirika m'mabango, ukonde uli wokulungika ndi namasupuni. Anzawo awiri a kumsasa anali atapezeka kale, ataikidwa. "Pyamala, mulamu," anatero abambo aakulu, kutanthauza kuti zatha. Anati munthu akasowa m'madzi sasiyidwa choncho, amaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwake kuti mzimu ugone. Ndipo maliro akachitika, anatero akuyang'ana pansi, palinso mwambo wake wa mayi wa pakhomo.

Ine mawu amenewo ndinangowamva ngati mmene umamvera wailesi ya nyumba ina. Koma inu ndikuuzeni poyera, chifukwa zobisabisazi n'zimene zimandinyansa. Mwambo wake unali kupita kufa. Mwamuna akamwalira, mkazi wake ankamupezera mwamuna wina woti agone naye, ati kuchotsa imfa pamudzi kuti isagwire ena. Afune asafune. Masiku ano amati zinaletsedwa, zinatha. Mwina. Chaka chimenecho kwa ababa zinali zisanathe. Thunthu la nthochi likanangolowa m'manda, amayi akanalowetsedwa m'nyumba ndi munthu wosamudziwa. Kothawira kunalibe. Kwawo kwa amayi ndi kumadzulo, kutsidya kwa mtsinje wa Mwanza, ndipo mtsinjewo unali utakokolola msewu. Amayi anangoti, "Ndamva, alamu. Tipatseniko masiku." Anawapatsa sabata.

Linali tsiku lachinayi la sabata imeneyo. Nkhani za masana zinaonetsa msasa wina wa kufupi ndi Bangula, anthu ali pamzere kulandira ufa. Amalume anali ndi chizolowezi chodina batani lojambula nkhani zikangoyamba, kuti amene wachedwa adzaone. Kutsogolo mayi wina ankafotokoza za ng'ombe zake. Kumbuyo kwake kunadutsa mwamuna atasenza thumba la ufa paphewa, malaya abuluu ong'ambika pamsana, nkhope theka yobisika ndi thumbalo. Anadutsa ngati kuphethira katatu. Ndiye ndinamva mawu a amayi kumbuyo kwanga, mawu ouma, osanjenjemera. "Ndi iwowo."

Amalume anabwezera, n'kuimitsa chithunzi pamene munthuyo anatembenuka pang'ono. Chilichonse chinkaoneka. Ulusi wa thumba, matope ouma m'miyendo, mtsempha wa pakhosi. Chosaoneka chinali nkhope yokha: khutu, tsaya, kangodya ka diso. Ndinayang'ana mpaka maso anawawa. Poyamba sindinawaone ababa. Kenako ndinawaona. Ndinakuwa, ndinalumpha, ndinagunda tebulo mpaka katchuna kanasolokamo. Amalume sanandikalipire. Anayang'ana amayi nthawi yaitali, amayi nawo n'kuwayang'ana. Kenako amalume anati, "Inde. Ndi alamu amenewa."

Abambo aakulu atabwera anakhazikidwa pampando wa kutsogolo. Anaonera kasanu. Anasendeza nkhope pafupi mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. "Nkhabe," anatero, kukana m'Chisena. "M'bale wanga ndi wamfupi." Azakhali anati mwina ndi mmene anaimira wojambula. Amayi anayankha osakweza mawu. "Munthu ndagona naye mphasa imodzi zaka khumi ndi ziwiri. Mukandiuza ndinu?" Apa ndi pamene panagona nkhani. Kuika maliro a munthu wamoyo ndi malaulo aakulu, ndipo palibe ankafuna kuti akhale iye woyamba kukumba. Tsiku lina munthuyo n'kutulukira, mungamuuze chiyani? Komanso chinthu chaoneka pakanema, choyera chonchi, anthu makumi awiri achiona. Akanakhala kanema wa mpunga uja akanati maso akunama. Abambo aakulu anaimirira, n'kukutumula fumbi pathalauza. Anati adikira. Anati koma imfa siidikira, ikayamba kugwira ana kumudzi tidziwe kuti mlandu ndi wathu.

Kuyambira tsiku limenelo ine ndinasiya kukhala mwana wabwinobwino. M'mutu mwanga zinalowa motere: ababa ali moyo chifukwa ali mu laputopu. Chithunzicho chikafufutika, afa. Musaseke, ndinali ndi zaka khumi. Ndinkadzuka n'kuyamba kuyang'ana kumwamba ngati kuli dzuwa lokwanira sola. Ndinkapukuta solayo ndi malaya anga. Mwana wa aneba atakhudza waya ndinamupotokola dzanja mpaka analira. Amalume akapita kuntchito laputopuyo ankaitsekera m'sutikesi, ine n'kukhala pakhomo ngati galu, kumvetsera ngati m'katimo mukulowa nyerere. Kutentha kwa kwathu mukukudziwa, kuja malata amalira okha masana. Ndinkaopa kuti isungunuka. Chakudya sichinkatsika. Masana nkhani zikayamba ndinkagwira nsungwi ndi manja awiri, thukuta likulowa m'maso, kuopa kuti ababa adutsanso nthawi imene chithunzi chasweka, ine n'kukhala amene ndawaphonyetsa.

Sanadutsenso. Amalume anapempha masiku awiri kuntchito, n'kupita ku msasa uja panjinga, pena kukwera bwato. Anabwera atapsa ndi dzuwa, milomo itang'ambika. Anauza abambo aakulu kuti anthu a pamsasapo anawasamutsa, ena anapita kutsidya ku Mozambiki, mayina ambiri sanalembedwe. Sanati awapeza, sanati sanawapeze. Ine ndinawafunsa ngati anafunsa za munthu wa malaya abuluu. Anati, "Ndinafunsa, mphwanga," n'kupita kukasamba. Ndikaganiza lero, sindikudziwa ngati anafika n'komwe ku Bangulako. Mwina anangokagona kwa mnzawo ku Nchalo kuti masiku apite. Ngati anatero, Mulungu awadalitse.

Sukulu itatsegulidwa tinkaphunzirira pansi pa mtengo, chifukwa m'makalasi munali mabanja. Mnyamata wina wa Sitandade 5 anandiuza pa buleki kuti ababa anga anadyedwa ndi ng'ona, a pakanemawo ndi a eni ake. Sindikumbuka kutola njerwa. Ndikumbuka magazi pamalaya ake oyera, ndi aphunzitsi atandigwira m'khosi mwa malaya. Sanandikwapule. Anandikhazika kuseri kwa ofesi n'kundipatsa madzi m'kapu yawo. Ndinawafunsa, "Aphunzitsi, inu munawaona, eti? Munali kutsogolo." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Anati maso awo ndi okalamba, odziwa bwino ndi amayi. Yankho limenelo linandikwiyitsa kuposa mawu a mnyamata uja. Munthu wowerenga tizilembo tating'ono todutsa mothamanga, lero maso akalamba? Mtima wanga wapachalawu anthu amati ndinabadwa nawo. Ine ndimati unamera pansi pa mtengo umenewo. Sukulu ndinadzaisiya ndili Sitandade 7, nditamenyanso munthu, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mwezi wa Malichi uli pakati, mwana wa azakhali anadwala malungo, kenako mbuzi ziwiri za abambo aakulu zinafa. Kwa iwo umenewo unali umboni. Anabweranso ndi azakhali, ulendo uno ali atatu. Wachitatuyo sindinkamudziwa. Anali bambo woonda, wa ndevu zapatalipatali, atavala jekete m'kutentha konse kuja. Sanalowe m'nyumba. Anakhala pansi pa nimu, pafupi ndi nsungwi yanga, akusenda nzimbe ndi mano n'kumalavula makoko. Palibe anamulonjera ndi dzina. Amayi atamuona pawindo anakhala pansi pomwe anaimapo, mbale ili m'manja. Ine ndinkangodandaula kuti asatsamire nsungwi.

Sabata imeneyo kunali mitambo masiku anayi otsatizana, mvula yowaza yosatha. Batire inali itafooka. Abambo aakulu anati, "Tionenso munthu wanuyo, komaliza." Amalume anatsegula laputopu, n'kudina. Inayaka pang'ono, kanyali ka buluu kanaphethira kamodzi, kenako zonse bii. Anadinanso. Anagwedeza mawaya a pabatire, n'kukanda mitu yake ndi mpeni. Palibe. M'galasi lakudalo munkangooneka nkhope zathu. Ndiye abambo aakulu anaseka pang'ono, kaseko ka m'mphuno, n'kunena kuti, "Basi, m'bale wanga wazima."

Chimene chinali pafupi ndi ine chinali chigubu cha madzi. Ndinawaponyera. Chinawamenya pachifuwa, madzi n'kuwakhuthukira m'miyendo, azakhali n'kukuwa. Ndinawalumphira ndi zibakera zanga za mwana, ndikutukwana mawu amene sindinkadziwa kuti ndimawadziwa, Chisena ndi Chimang'anja pamodzi. Amalume anandinyamula ngati thumba kupita nane kuchipinda, ndikupalasa miyendo. Mwana kumenya bambo ake aakulu ndi chinthu chosayenera, ndikudziwa. Koma mukandifunsa lero ngati ndikupepesa, ndinama ndikati inde. Ndili m'chipindamo ndinamva amalume akupepesa m'malo mwanga, akuwomba m'manja. Anati pakhomo pavunda, nkhani yaikulu siingakambidwe anthu mitima ili m'mwamba, abwere Loweruka batire itadzaza. Abambo aakulu anati Loweruka sabwera kudzaonera kanema. Abwera ndi makasu. Pawindo ndinaona bambo wa jekete uja akuimirira, akudzikutumula makoko a nzimbe, n'kuwatsatira m'mbuyo.

Lachisanu kusanatenthe amayi anandidzutsa. Katundu anali atamanga kale m'zitenje ziwiri. Amalume anali atamva kwa madalaivala a kuesiteti kuti Mwanza waphwa, matola ayamba kuwoloka pamchenga. Tinadzera njira ya m'minda ya nzimbe, osati ya pamsika, chifukwa kwa ababa ana ndi a kuchimuna, ndipo wina akanationa akanathamanga kukanena. Pamsewu amalume anandikweza pa matola, n'kundikhazika pa thumba la mchere. Apo m'pamene ndinazindikira kuti laputopu ikutsala. Ndinayamba kulimbana kuti nditsike. Ndinafunsa amayi, anthu onse akumva, kuti ababa akabwera atipeza kuti. Anati, "Amalume ako awalozera njira." Ndinati mukuwathawa. Ndinati ababa ali moyo, inu nomwe munanena, ndiye mukuwasiya bwanji? Mayi wina wa dengu la tomato anati mwanayu ngwamwano. Amayi anangondigwira mkono, kugwira kwake kosiya zala pakhungu, mpaka galimoto inanyamuka.

Loweruka lake, tinamva pambuyo pake, anaika thunthu la nthochi popanda ife. Za mwambo wina uja anakonza okha ndi mankhwala, poti mwini wake panalibe. Ndiye kuti njira ina inalipo nthawi yonseyi. Ndikafika pamenepa ndimafuna kuswa chinthu.

Ndinawasungira amayi mkwiyo zaka zambiri, ndisabise. Ndinkati anataya mwamuna wamoyo. Chaka chathachi amalume anandibweretsera laputopu ija pabenchi yanga, yakufa kalekale, ati mwina ndingapezemo zida. Ndinachotsa hadi disiki n'kuilumikiza ku kompyuta ya mnzanga. Zojambula zija zinalimo. Ndinatsegula, ndinadikira mayi wa ng'ombe uja, ndinaimitsa. Chithunzi chinali choyera ngati tsiku lomwe lija. Munthuyo ndi mnyamata, mwina msinkhu wanga wa lerowu. Ndi wamtali, wa khosi lalitali, woderako. Safanana ndi ababa ngakhale pang'ono. Mwana wofuna bambo ake angasokoneze. Mkazi wokhala pabanja zaka khumi ndi ziwiri sangasokoneze. Ndinatseka, n'kubwerera kukakonza foni ya kasitomala, mpaka ndinadziwotcha chala ndi chowotcherera. Amayi sindinawafunse, ndipo sindidzawafunsa.

Tsiku limene tinafika kwawo kwa amayi lija dzuwa linali litapendeka. Achibale anatilandira, anatipatsa thobwa. Amayi sanamwe. Anatsitsa mlongo wanga, n'kumupereka kwa amayi aang'ono, mng'ono wawo, kenako anapempha lezala. Anapita kuseri kwa nyumba, awiriwiri. Patapita nthawi ndinamva kulira kumene ndinali ndisanakumvepo chiyambire madzi aja, kulira kochokera pansi pa mimba, kokoka ngati ng'ombe. Ndinazemba kukasuzumira. Amayi anali atagwada pafumbi, mutu uli pamiyendo ya mng'ono wawo, tsitsi likugwera pansi m'magulumagulu. Theka la mutu linali kale mbee.

Ndinaganiza kuti ndi nsabwe za m'nyumba yodzaza ija, ndipo akulira chifukwa lezala ndi yobuntha. Ndinaima pamenepo manja ali m'chiuno, mtima ukutentha, n'kuwakalipira amayi anga. Ndinati choyamba mwawathawa, pano mukumetanso mpala. Ababa akabwera akudziwani bwanji?